Anandicheka pachikhatho, pomwe vuto linali m'khosi

Pachikhatho changa cha kumanja pali chipsera chotalika ngati kamtengo ka machesi. Chimayambira pamzere umene dzanja limapindikira n'kulowera chakuzala. Amayi obwera kudzayeza zovala akachiona amafunsa ngati ndinadzicheka ndi lezala, ndipo ndimawauza zoona, kuti ndi opaleshoni, koma opaleshoni imene sinathetse vuto langa chifukwa vutolo silinali pamenepo. Nkhaniyi ndaifotokoza kambirimbiri pakhonde panga, mpaka mwana wanga wamkazi anati, "Amayi, ingoilembani, alipo ena kwinaku amene akuvutika ndi dzanzi lomwelo."

Ndine telala. Ndimakhala ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, komwe ndinabadwira. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzafuna ntchito kuno, nthawi imene Harare ankatchedwa Salisbury, ndipo sanabwererenso. Ndimasoka mayunifolomu a ana a sukulu, mabulauzi oyera a amayi a Chigwirizano kumpingo kwathu kwa CCAP, ndi kukonza zipi ndi mipendero ya aliyense wodutsa. Makina anga ndi a Singer opalasa ndi mapazi, amene sasamala kuti magetsi alipo kapena azima.

Dzanzi linayamba mu Disembala, mwezi umene ife atelala sitigona, chifukwa sukulu zimatsegulira mu Januwale ndipo kholo lililonse limafuna kuti yunifolomu ya mwana wake ikhale yoyamba kutha. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinayamba kumveka ngati ndazigonera. Singano ndinkaigwira koma osaimva bwino. Phini ikagwa pansalu, ndinkachita kuyang'ana kuti ndidziwe ngati ndaitoladi.

Panalinso zina zimene sindinkaziwerengera. Kuseri kwa phewa kunkawawa ngati wina wakhomamo msomali, ndipo ululuwo unkatsika ndi mkono, mbali ya chala chachikulu. Ndikawerama pamakina nthawi yaitali, n'kudzutsa mutu kuti ndione amene wabwera pageti, mkono unkachita kuti zii. Koma telala wake uti amene phewa silimuwawa? Ndinkati ndi kutopa basi.

Ndinatulukira ndekha kuti ndikakweza mkono n'kusanjika chikhatho pamutu, ululu unkatsika. Choncho ndinayamba kukhala motero, madzulo pamkeka, ngakhale pogona. Apongozi anga, amayi a bambo a kunyumba, amene timakhala nawo, zimenezi sanazifune. Tsiku lina anandipeza kukhitchini dzanja lili pamutu ndikudikira kuti madzi a nsima atenthe.

"Inu apongozi, chotsani dzanja pamenepo. Mukuitana maliro a ndani?"

Ndinachotsa. Tonse tinaleredwa choncho, manja pamutu ndi a munthu woferedwa. Kuyambira tsikulo ndinkachita mobisa, kuchipinda, ndipo nditapita kwa dokotala sindinazitchule n'komwe chifukwa ndinkaziona ngati chizolowezi chochititsa manyazi. Chimenecho ndiye chinali chizindikiro chachikulu mwa zonse zimene ndinali nazo.

Sukulu zitatsegulira ndinakwera kombi kupita m'tauni, kwa dokotala wa payekha amene mnzanga anandilozera. Sindimutchula dzina, ndipo sindikuti ndi munthu woipa. Anali ndi anthu ambiri pabenchi tsiku limenelo. Tinalankhula Chishona. Ndinati dzanja likuchita chiveve, limene ndi dzanzi m'Chishona. Anandifunsa ntchito imene ndimagwira, ndipo nditati ndimasoka anagwedeza mutu ngati wamva kale zonse. Anagogoda ndi chala pamene timavala wotchi, chakumkati. Kenako anandiuza kuti ndipinde manja onse awiri, ndiwagundanitse kumsana kwake zala zitaloza pansi, ndikhale choncho mphindi imodzi.

"Amai, mukumva dzanzi?"

Ndinati inde. Ndipo sindinaname. Koma dzanzilo ndinalowa nalo m'chipindamo, linalipo ndisanapinde dzanja, ndipo silinawonjezeke nditapinda. Iye sanafunse zimenezo, inenso sindinadziwe kuti ndi zimene mayesowo amafuna kudziwa. Khosi sanaligwire. Sanandiuze kuti ndivule juzi kuti aone mkono wonse.

Anati ndi carpal tunnel, matenda a anthu ogwira ntchito ndi manja, ndipo anandifotokozera bwino ndithu. Pamfundo ya dzanja pali timafupa 8, ndipo pamwamba pake pamadutsa kalamba kolimba, n'kupanga kampata kopapatiza. M'kampatamo mumadutsa minyewa 9 yopinda zala ndi mtsempha umodzi, osati wa magazi koma wonyamula uthenga wa kumva, umene amautcha median. Malo akachepa, mtsemphawo umafinyika. Opaleshoni yake ndi kudula kalamba kaja kuti mtsempha upume. Anatchulanso kuti pali mayeso a magetsi oyeza mitsempha, koma anati ndi odula ndipo nkhani yanga inali yoonekeratu. Ineyo mtima unakhala pansi kumva kuti ndapulumutsa ndalama.

Ndalama za opaleshoni zinachokera kuchipereganyu chathu cha amayi, mwezi umene unali wanga, ndipo zitaperewera ndinagulitsa makina anga ena, a ovaloko, osokera m'mphepete mwa nsalu. Ndilibe medical aid. Ndinadziuza kuti dzanja likachira ndigula ena.

Opaleshoniyo payokha inayenda bwino. Anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi pachikhatho, ndinali maso nthawi yonse, ndipo sizinathe ngakhale theka la ola. Patapita masabata awiri anachotsa ulusi. Bala linapola popanda mafinya. Koma chala chachikulu ndi chamkombaphala zinali chimodzimodzi, ndipo tsopano panawonjezeka ululu watsopano m'mbali mwa chipsera, pamalo enieni amene chogwirira cha sizasi chimatsamira. Kudula nsalu yokhuthala ya mathalauza a sukulu kunandikanika kwa miyezi iwiri. Makasitomala anga ena anapita kwina, ndipo sindiwaimba mlandu, mwana sangadikire dzanja la telala.

Nditabwerera kukadandaula anandiuza kuti ndipirire, mtsempha umachedwa kuchira. Zimenezo n'zoona kwa munthu amene mtsempha wake unafinyika nthawi yaitali. Koma ambiri amene alidi ndi carpal tunnel, dzanzi lowadzutsa usiku limachepa msanga akangochitidwa opaleshoni. Kwa ine palibe chinasuntha. Zinthu zinkangoipa. Ndikayetsemula, kanthu konga magetsi kankathamanga kuchokera m'khosi mpaka kuchala.

Ku Mabvuku madzi a m'mipopi ndi osadalirika, ndiye timatunga kumjigo. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo ine ndasenza zoterezi kuyambira ndili mtsikana, kuphatikizapo mitolo ya nsalu yochokera m'tauni. M'mawa wina mnzanga atanditwika ndowa, mkono wonse unachita moto mpaka ndinakhala pansi pomwepo, madzi n'kutayika. Amayi anzanga anandizungulira. Wina anati mwina ndi BP, wina anati ndipite kwa aneneri, wina ananong'ona kuti ntchito yanga yayenda bwino kwambiri ndipo si onse akusangalala nazo. Ndinamva zonsezo, ndipo usiku umenewo zinandisowetsa tulo.

Amene anandithandiza ndi mtsikana wa mafizo kuchipatala cha boma, kumene ndinapita kuti azindifewetsa chipsera. Ndinakhala pabenchi nthawi yaitali, ululu unakula, ndipo poti panalibe wondidziwa ndinasanjika dzanja pamutu. Iye akutuluka kudzaitana wotsatira anaima n'kundiyang'ana.

"Amai, mumakhala choncho kawirikawiri?"

Ndinatsitsa dzanja msanga n'kupepesa. Iye anati ayi, ndibwezere pomwepo, ndimuuze chimene chimachitika ndikatero. Ndinati ululu umatha. Anandilowetsa m'chipinda, ndipo chipsera sanachiyang'ane n'komwe poyamba.

Anatenga kathonje ndi bolopeni. Anandiuza kuti nditsinzine, n'kuyamba kundikhudza ndi kathonjeko kuchokera kunsonga ya chala chachikulu kukwera m'mwamba, ndipo paliponse pamene ndinkati apa pakumveka bwino, ankaikapo kadontho. Atamaliza analumikiza timadonthoto. Nditatsegula maso ndinaona mzere wa inki wozungulira chala chachikulu ndi chamkombaphala, kudutsa pamene timavala wotchi, kukwera m'mbali mwa mkono mpaka kufupi ndi chigongono. Anaika chala chake pachipsera changa n'kunena kuti mtsempha wofinyika pano sungaphe khungu la kumtunda uku, chifukwa uthenga wa khungu limeneli sudutsa m'kampata kameneka. Ululu wa carpal tunnel ungathe kukwera mkono, koma khungu lakufa dzanzi limakhala la kuzala.

Kenako anandikhazika pampando, anapendeketsa mutu wanga chakumanja ndi chakumbuyo pang'ono, n'kukanikiza pamwamba pa mutu mofatsa. Magetsi aja anathamanga mpaka kuchala chachikulu, ndendende mmene zinkachitira ndikayetsemula. Ndinafuula. Atandikweza mutu pang'ono ndi manja ake awiri, ngati akuusolola, mkono unapepuka. Anagogodanso ndi kanyundo ka labala pamkono, ndipo wa kumanzere unadumpha, wa kumanja unangoti phee. Zonsezi sizinafune makina alionse, ndipo sizinapose mphindi 15.

Ndi iye amene anandiuza za dzanja pamutu. Mitsempha yonse ya m'dzanja imachokera m'khosi. Ukakweza mkono n'kuika dzanja pamutu, mtsempha umene wapanikizika pamene ukutuluka m'khosi umakhwepa, ndiye ululu umatsika. Madokotala amachidziwa chizindikiro chimenechi ndipo chili m'mabuku awo. Munthu wa carpal tunnel amachita zina, amadzuka pakati pa usiku n'kumakutumula dzanja ngati akusasa madzi, ndipo dzanzi limachoka. Ine sindinakutumulepo dzanja, ndipo sizikanandithandiza.

Ndinalira m'chipindamo, osati chifukwa cha ululu. Ndinakumbukira makina anga a ovaloko.

Ananditumiza kwa dokotala wa mitsempha. Apa ndalama zinafunikanso, ndipo achimwene anga amene ali ku Johannesburg ndi amene anatumiza. Mayeso a magetsi aja, amene ndinawathawa poyamba, ndinawachita. Amamata timawaya pakhungu n'kumakugwedeza ndi timagetsi ting'onoting'ono kuti aone liwiro limene uthenga ukuyenda nalo mumtsempha, ndipo gawo lina amabaya kasingano kopyapyala m'minofu. N'zosasangalatsa koma n'zopiririka. Pamfundo ya dzanja uthenga unkadutsa bwinobwino. MRI ya khosi, chithunzi chimene makina amajambula m'kati mwa thupi, ndi imene inaonetsa chenicheni. M'khosi muli mafupa 7, amawawerenga C1 mpaka C7, ndipo pakati pawo pali timakhushoni. Kakhushoni ka pakati pa C5 ndi C6 kanali kataphwa n'kutuluka chakumanja, n'kumatsina mtsempha wa C6 potulukira pake. Mtsempha umenewo ndi umene umapita m'mbali mwa mkono mpaka kuchala chachikulu ndi chamkombaphala, zala zomwezo zimene carpal tunnel imagwira. Apa ndi pamene matenda awiriwa amasokonezera anthu, ngakhale ophunzira.

Dokotalayo sananyoze mnzake. Anangoti akanakonda ndikanayezedwa ndisanachekedwe, kuti pakhale pepala loyamba lofanizira. Anandiuzanso kuti munthu mmodzi angathe kukhala ndi mavuto onse awiri, m'khosi ndi padzanja, n'chifukwa chake ofunika kuona mkono wonse kuyambira kumene wachokera. Ndinamufunsa ngati tsopano andichekanso m'khosi. Anati ayi, anthu ambiri a vuto langali amapeza bwino popanda mpeni, m'masabata kapena miyezi ingapo, ndipo opaleshoni ya khosi amaisungira amene mkono ukufooka kwambiri, amene ululu wakana kutha, kapena amene mtsempha waukulu wa mumsana wapanikizika.

Anandiyezanso magazi, ndipo ndinadabwa kuti magazi akukhudzana bwanji ndi dzanzi. Anati matenda a shuga amawononga mitsempha, ngakhale kuti kawirikawiri amayambira kumapazi onse awiri. Kuchepa kwa vitamini B12 kumabweretsa dzanzi, ndipo amene amwa mankhwala a shuga otchedwa metformin zaka zambiri vitamini ameneyu angathe kuwachepera. Chithokomiro chikafooka chingayambitse carpal tunnel. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amachititsa dzanzi, n'chifukwa chake amawapereka limodzi ndi vitamini B6. HIV nayonso imagwira mitsempha, monganso ankachitira mankhwala ake akale otchedwa stavudine amene anasiya kuwapereka. Mowa wambiri chimodzimodzi. Zanga zonse zinatuluka bwino, koma ndinaganizira amayi angati kwathu amene ali pamankhwala amenewa ndipo dzanzi lawo amangolitcha kukalamba.

Ndinachita mafizo a khosi miyezi itatu. Zambiri zinali zazing'ono zoti munthu angazipeputse: kubweza chibwano m'mbuyo mutu uli chilili, kukokera mapewa kumbuyo, kudzuka pamakina theka la ola lililonse. Bambo a kunyumba anadula miyendo ya mpando wanga wosokera kuti ndisamaweramire singano kwambiri, ndipo anandipachikira getsi pafupi. Ndinagulanso magalasi owerengera, chifukwa zinapezeka kuti ndinkaweramira chifukwa chosaona bwino. Pilo wamkulu ndinamusiya. Kusenza pamutu anandiletsa. Ululu wa kuphewa unayamba kutha mwezi woyamba, wa mumkono unatsatira. Dzanzi ndi limene linachedwa.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuthawa opaleshoni imene akuifunikira. Kumpingo kwathu kuli mayi wina amene amachapa ndi kusita m'nyumba za anthu ku Greendale. Iyeyo ankadzuka usiku uliwonse kukutumula manja, zala zitatu ndi theka la chala cha mphete zili dzanzi, kachala kakang'ono kali bwinobwino, khosi osawawa. Anamuyeza ndi magetsi, anavala chomangira dzanja usiku kwa miyezi, anabayidwa jakisoni, ndipo zitabwerera anamuchita opaleshoni yomwe ija. Sabata lomwelo anagona mpaka kucha. Carpal tunnel yeniyeni ukaichedwetsa kwambiri, mnofu wa patsinde pa chala chachikulu umaphwa, ndipo ukaphwa subwerera wonse. Opaleshoniyi ndi yabwino kwa mwini matendawo. Chimene chimandipweteka n'chakuti ine ndinadumpha masitepe onse amene iye anadutsamo, ndipo kupatula mayeso a magetsi aja, palibe anandiuza kuti alipo.

Tsopano wina akandiuza kuti dzanja likuchita dzanzi, ndimamupatsa bolopeni. Ife tikati dzanzi timatanthauza zinthu zambiri ndi liwu limodzi, ndipo tikafunsidwa timangoti dzanja lonse. Ndimati khalani pansi, dzikhudzeni chala chimodzichimodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, mulembe malire. Kachala kakang'ono ndi theka la chala cha mphete sizili m'gawo la carpal tunnel, zimenezo n'za mtsempha wina wodutsa kuseri kwa chigongono, uja umachita magetsi tikadzigunda pakona ya tebulo, kapena zingachokere m'khosi chakumunsi. Onani nthawi imene limabwera, chimene chimaliyambitsa, ndi chimene mumachita kuti lichepe, ngakhale chikhale chochititsa manyazi. Mukafika kwa dokotala munene zonse, za phewa, za khosi, za mapazi, za mankhwala amene mukumwa, ngakhale asakufunseni. Ndipo akatchula mpeni, funsani mwaulemu kuti, "Adokotala, khosi mwaliona? Nanga pali chimene tingayese kaye?" Ife tinaleredwa kusayankha akuluakulu, ndipo munthu wovala chovala choyera cha udokotala akalankhula timangoti zikomo. Koma funso limeneli si chipongwe. Dokotala wabwino amaliyankha, ndipo opaleshoni ya carpal tunnel nthawi zambiri si yoti ichitike mawa, nthawi yokafunsa dokotala wachiwiri imakhalapo.

Pali dzanzi lina losafunika bolopeni kapena kudikira. Likabwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, nkhope n'kupotoka, mawu n'kumatuluka movuta kapena mkono n'kugwa, imeneyo ingakhale sitiroko, ndipo n'kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena masana. Ululu wotsika mkono limodzi ndi kupanikizika pachifuwa ndi thukuta ungakhale wa mtima. Ndipo ngati manja onse awiri ayamba kulephera kumanga mabatani, makapu akumagwa, miyendo ikudzandira, kapena mkodzo wayamba kuvuta kuugwira, mtsempha waukulu wa m'khosi ungakhale ukupanikizika, ndipo zimenezo sizidikira kuti chipereganyu chifike.

Lero ndikusoka. Nsonga ya chala chachikulu idakali yakufa pang'ono, malo ochepa ngati nyemba, ndipo ulusi pasingano ndimaulowetsa ndi dzanja lamanzere. Chipsera chimalumaluma m'nyengo yozizira ya Juni. Makina a ovaloko sindinagulebe ena, mipendero ya mkati ndimakasoketsa kwa mnzanga ku Tafara.

Nditabwera ndi zithunzi za MRI, ndinakhala pansi ndi apongozi n'kuwafotokozera zonse, mpaka za dzanja pamutu. Anamvetsera osandidula. Anatenga chithunzi chimodzi, anachikwezera kuwindo, anachiyang'ana nthawi yaitali ngakhale kuti sankadziwa choyang'ana. Kenako anati, "Pepani apongozi. Ine ndinaona dzanja, sindinafunse kuti chikukupwetekani n'chiyani."

Mwezi utatha anatulutsa ndalama zimene ana awo amawatumizira, anatuma mdzukulu wawo ku Mbare, ndipo anabwera ndi wilibala. Imalowa zigubu zitatu. M'mawa uliwonse ndikanyamuka kupita kumjigo, amakhala atadzuka kale pakhonde, kuonetsetsa kuti sindinatenge nkhata.